Mayadi 30 a ambuya anga ku Kabanana

Ambuya anga salandira moni wa mwana asanaone zikhadabo zake. Ukangolowa pabwalo la nyumba yawo ku Kabanana, amatambasula dzanja ngati akukulonjera, koma ukapereka lako amaligwira zolimba, kulitembenuza, n'kulibweretsa pafupi ndi maso. Akapeza litsiro amapukusa mutu. "Mdzukulu wanga, m'zala umu ukufuna kubzalamo maungu?" Kenaka amakupinda khutu kuti aone kuseri kwake, kukusuzumira m'khosi, n'kukuuza kuti utukule phazi. Zonse zikakhala bwino m'pamene amafunsa za amayi ako ndi za kusukulu, ndipo m'pamenenso mbatata yootcha imatuluka m'phulusa.

Tili ana tinkangoti ndi khalidwe la nkhalamba. Nditakula ndinazindikira kuti sanali okha. Mumsewu wathu womwewu munali abambo ena achikulire a ku Petauke amene sankakhudza nsima ikabwera yosavundikira, ndi amayi ena a ku Chadiza amene ankalakatulira ana a eni ake matenda obwera ndi ntchentche ngati akutchula malamulo khumi. Onsewa anadzera khomo limodzi: masukulu a mishoni a nthawi ya atsamunda, kumene phunziro la ukhondo, lomwe iwo amalitchula kuti haijini, linkalemekezedwa mofanana ndi masamu ndi Baibulo.

Ku Kabanana simungapeze chipupa cha sukulu ya nthawi imeneyo. Komboni yathu ili kumpoto kwa Lusaka, kupitirira komboni ya Chipata, moyandikana ndi Chazanga, ndipo pamene Azungu ankalamulira Northern Rhodesia kuno kunali kunja kwa tauni, kumapulazi ndi kutchire. Sukulu ya atsamunda inafika kuno pambuyo pake, itasenzedwa m'mitu ya anthu ochokera kummawa pamodzi ndi mphasa, mtondo ndi mphika wa ndiwo. Wofuna mbiri yake angokhala pansi pakhonde madzulo n'kutchera khutu. Ine ndatchera khutu zaka zambiri, ndipo zimene ndikulemba pano ndinazitola pakhonde la ambuya.

Iwo anabadwa mu 1941 m'mudzi wina pakati pa Katete ndi Fort Jameson, tauni imene lero timaitcha Chipata. Dera lonselo mamishoni anali atagawana. A Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State anayambira pa Magwero mu 1899, kenaka anafalikira ku Madzimoyo, ku Nyanje ndi kwina. Akatolika anali ndi malo awo monga Minga, a Anglican anali ku Msoro. Mishoni iliyonse inali ngati thadzi ndi anapiye ake: pakati sukulu yaikulu ya njerwa, m'midzi yozungulira timasukulu ta mitengo ndi dothi, tofolera udzu, tomwe Lamlungu tinkasanduka matchalitchi. Ambuya anayamba Sub A pa kasukulu kotere mu 1950. Zilembo zawo zoyamba anazilemba ndi chala pamchenga, pakuti masileti anali ochepa ndipo ankayamba kugawira akuluakulu.

Koma tsiku silinkayamba ndi zilembo. Mphunzitsi akamenya khasu lakutha lomwe linkapachikidwa pamkuyu, ana ankandanda m'mizere, anyamata uku atsikana uku, manja patsogolo. Iye ankayenda pang'onopang'ono atagwira kamtengo kosongola. Ankayamba ndi zikhadabo. Kenaka kamtengo kaja kankapatula tsitsi kufunafuna nsabwe ndi mazira ake. Mwana ankaonetsa mano, kuti zidziwike ngati wawatsuka ndi mswachi ndi phulusa. Pakati pa zala ankafunapo mphere, m'mutu zipere. Pomaliza aliyense ankatukula phazi, popeza wovala nsapato panalibe ndipo matekenya anali ponseponse. Wopezeka ndi litsiro ankathamangitsidwira kudambo kukasamba, ngakhale mu June kuzizira kukulasa m'mafupa. Wa matekenya ankakhazikidwa pansi, atsikana aakulu n'kumamuzula ndi munga kapena pini, iye akulira, mzere wonse ukuyang'ana.

"Munga unkawawa," amatero ambuya, "koma maso a anzako ankawawa kuposa munga."

Kuti ukhondo uime patsogolo chonchi, nkhani yake inayambira kutali. Mu 1924, chaka chimene kampani ya British South Africa inapereka Northern Rhodesia m'manja mwa boma la Britain, kunabwera gulu lofufuza za maphunziro la Phelps-Stokes, lotsogoleredwa ndi Thomas Jesse Jones wochokera ku America. Gululi linalangiza kuti mwana wa mu Africa aziphunzira zimene zingamuthandize kumudzi kwawo: thanzi, ulimi, ntchito zamanja ndi kasamalidwe ka banja. Mu 1925 boma linaika G. C. Latham kukhala mkulu woyamba woyang'anira maphunziro a anthu akuda, ndipo maganizo aja anakhala msana wa masukulu. Ku America komweko kunachokeranso njira ya Jeanes, yotchedwa dzina la Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene anapereka chuma chake kuthandiza masukulu a anthu akuda a m'midzi ya kummwera kwa dzikolo. Kuno sukulu ya Jeanes inayambira ku Mazabuka, ndipo mu 1939 inasamukira ku Chalimbana, kummawa kwa Lusaka, kumene lero kuli yunivesite. Ku Nyasaland inali ku Domasi. Mphunzitsi ankapitako ndi mkazi wake. Mwamuna ankaphunzira kuyendera masukulu a m'midzi, mkazi ankaphunzira kulera ana, kusoka, kuphika ndi kusamala pakhomo, kuti akabwerera kwawo nyumba yawo ikhale buku loti mudzi wonse uziwerenga.

Ambuya amamukumbukira bwino wa Jeanes amene ankayendera dera lawo. Ankabwera pa njinga yakuda, buluku atalimanga ndi luzi m'akakolo kuti lisakodwe mu tcheni. Anthu ankapita dala kukaona nyumba yake, pakuti inali ndi mawindo otseguka, khitchini payokha, thandala loyanikapo mbale, dzenje la zinyalala ndi chimbudzi cha chivundikiro. Tsiku lina iye anatengera ana onse kuseri kwa sukulu, nawaza ufa woyera kuzungulira pakamwa pa chimbudzi. Chapataliko anaika chivundikiro chakuda cha mphika, pamwamba pake kachidutswa ka ndiwo. Anawauza kuti akhale chete. Ntchentche zinatera paufa, zinauluka, zinatera pachivundikiro, zinabwereranso. Posakhalitsa pachitsulo chakuda chija panaoneka timadontho toyera. "Ufa mwauona chifukwa ndi woyera," anatero. "Nanga chimene maso anu sakuchiona?" Panalibe anayankha. Ambuya akuti madzulo a tsikulo anavundikira mbale zonse za m'nyumba mwa amayi awo, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanasiye.

Kunyumba phunziroli silinkalowa mosavuta. Ana ankatumidwa kukauza makolo kuti akumbe zimbudzi, ndipo mwana wa zaka 10 akaimirira kulangiza akulu, makutu a akulu amatseka. Chovuta china chinali ulemu. Amayi awo a ambuya anakanitsitsa: "Ine ndizikakhala padzenje limodzi ndi mkamwini wanga? Tikumane pakhomo pake?" Kwa iwo zimenezo zinali zonyansa kuposa kupita kuthengo. Mlanduwo unatha pamene atate awo anakumba zimbudzi ziwiri, china kummawa kwa nyumba china kumadzulo, makomo ake atafulatirana. Koma amayiwo anali ndi mawu enanso amene ambuya amawabwereza mpaka lero. Atamva mwana wawo akuwerenga m'buku la sukulu kuti anthu a m'midzi sadziwa ukhondo, anaika mtsuko pansi n'kufunsa: "Amene anandiphunzitsa kuzira nyumba iyi ndani? Kusesa bwalo nkhuku zisanatsike, kutsuka mphika ndi mchenga, kusambitsa khanda ndi madzi ofunda, ndinaphunzira kwa Mzungu?"

Funso limeneli ndimaliika pambali pa phunziro la ntchentche, chifukwa onse awiri ankanena zoona. Wa Jeanes anabweretsa chinthu chatsopano chenicheni, ndicho kudziwa njira imene matenda amayendamo kuchoka kuthengo kufika m'mbale. Ndi phunziro limeneli m'pamene anthu anayamba kukayikira beseni limodzi losambamo m'manja, loyambira kwa agogo kutsika mpaka kwa kamwana kotsiriza, komwe kankasamba m'madzi akuda kale. Koma mabuku aja ankalankhula ngati anapeza anthu osadziwa madzi, ndipo ana ambiri anabwera kunyumba atayamba kuchita manyazi ndi amayi awo owabala. Chilonda chimenecho chinachedwa kupola kuposa cha tekenya.

Chimene chinkakoleza moto m'masukulu onsewa chinali mpikisano. Atatsiriza Standard II, ambuya anakakhala kwa azakhali awo kuti apitirize pa sukulu ina ya dothi yomwe inkafika Standard IV. Kamodzi pachaka, anthu atakolola, masukulu onse a pansi pa mishoni yawo ankaitanidwa ku sukulu yaikulu kukayesana nzeru. Miyezi iwiri tsikulo lisanafike, aphunzitsi sankagona tulo. Dzina la mphunzitsi linkakwera kapena kugwa ndi ana ake, ndipo mudzi umene sukulu yake yatsirizira unkakhala nyimbo ya pamtondo chaka chonse. Choncho madzulo osankhidwa ankabwereranso kusukulu, kuzungulira moto, mphunzitsi akuponya mafunso ngati miyala. Tchula matenda atatu obwera ndi madzi oipa. Likodzo limalowa bwanji m'thupi? Udzudzu umaswana pati? Njoka za m'mimba zimalowera kuti kwa munthu wosavala nsapato? Wochedwa kuyankha ankaimirira ndi mwendo umodzi mpaka funso lina limupulumutse.

Mu 1955 ambuya anali m'gulu la osankhidwa. Ananyamuka tambala woyamba, ufa ndi nyemba pamutu, mphasa kumsana, kuyenda tsiku lathunthu. Usiku anagona pansi m'kalasi ya mishoni, ndipo akuti aka kanali koyamba kugona m'nyumba ya malata, moti mphepo ikawomba ankadzidzimuka. M'mawa bwalo linadzaza. Makolo anakhala pansi pa mitengo, mafumu pamipando, ndipo patsogolo panali tebulo, pomwe panakhala m'busa wa Chizungu wolankhula Chinyanja cholemera pamodzi ndi wa Jeanes uja. Masamu ndi kulemba mawu owerengedwa mokweza zinachitikira m'kalasi, pa masileti ndi pamapepala. Baibulo ndi haijini zinali za pakamwa, pabwalo, anthu onse akumva. Sukulu iliyonse inkaimika ana ake, ndipo wolakwa yankho ankakhala pansi pomwepo.

Pa haijini mzere unafupika mpaka anatsala awiri: ambuya, atavala diresi limodzi lomwe anachapa dzulo lake kumtsinje, ndi mnyamata wa pasukulu ya mishoni, wovala khaki wosita ndi nsapato za nsalu. Funso linaponyedwa kwa mnyamatayo: chimbudzi chikumbidwe mtunda wotani kuchokera pachitsime, ndipo mbali iti? Iye anati chikumbidwe kutali ndithu. M'busa anadikira, koma mnyamatayo analibe china chowonjezera. Funso linatembenukira kwa ambuya.

"Mayadi 30 kapena kupitirira," anayankha, "ndipo chikhale kumunsi kwa chitsime, kuti mvula ikagwa zoipa zisatsikire m'madzi akumwa."

Wa Jeanes anaimirira. "Tionetse mayadi 30." Ambuya anaima pa mwendo wa tebulo n'kuyamba kuponda masitepe aatali monga anawaphunzitsira, akuwerenga mokweza. Anthu anapatuka kuwapatsa njira. Atafika pa 30 anatembenuka, ndipo amayi a kumudzi kwawo anaimba nthungululu mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo. Mphoto inali mtanda wa sopo wa Sunlight, kope ndi pensulo. Atafika kunyumba amayi awo anadula sopo uja ndi ulusi magawo asanu ndi limodzi. Gawo limodzi linapita kwa mkazi wa mphunzitsi, lina kwa azakhali, lina linasungidwa m'denga kudikira khanda lomwe linali panjira.

Chaka chomwecho ambuya anakhoza mayeso a Standard IV, ndipo sukulu yawo inathera pomwepo. Standard V inkafuna kukagonera ku mishoni ndi kulipira, koma ndalama imene atate awo ankapeza m'mapulazi a fodya inkakwanira mwana mmodzi. Anapita mchimwene wawo. Nkhani imeneyi ambuya saikamba mokwiya, amangoti, "Malo anali ochepa." Ndipo analidi ochepa. Mayeso a Standard IV ndi Standard VI anali ngati lichero lopetera, kutaya ambiri kuti otsala akwane m'makalasi owerengeka. Munali, sekondale ya boma ya anyamata akuda, inatsegulidwa mu Lusaka mu 1939, ndipo Kenneth Kaunda anaphunzirako kuyambira 1941. Atsikana anadikira mpaka 1946 pamene Chipembi inayamba makalasi a sekondale. M'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, masukulu a ana a Azungu anali m'manja mwa boma la chitaganya ndi thumba lake, a anthu akuda m'manja mwa boma la Northern Rhodesia. Pamene mbendera ya Zambia inakwera mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu akuda a digiri pafupifupi 100 okha. Mpikisano wa pabwalo la mishoni unkasangalatsa, koma kuseri kwake kunali khomo lopapatiza, ndipo ana anzeru ankakankhana pa khomo limenelo poganiza kuti wowatsekereza ndi mnzawo wa mudzi winawo.

Ambuya anakwatiwa, ndipo mu 1962 anawoloka Luangwa pa lole kutsatira amuna awo, omwe ankasenza njerwa m'makampani omanga nyumba mu Lusaka. Mzindawu unakhala likulu mu 1935, ndipo ojambula mapu ake ankafuna ukhale mzinda wa maluwa ndi mitengo. Unalidi wotero ku Ridgeway, ku Rhodes Park ndi ku Kabulonga. Anthu akuda anapatsidwa Kabwata, Kamwala, Chilenje ndi Matero, ndipo kumeneko nyumba inkayendera ntchito ndi chitupa: ntchito ikatha, nyumba yatha. Osowa malo ankabwereka kadothi m'mapulazi ozungulira tauni n'kumanga zisakasa. Umu ndi mmene anamerera makomboni monga Kalingalinga, George, Kanyama ndi Chawama, opanda mipopi yokwanira, opanda ngalande, opanda wowerengera kuti chimbudzi chili pati ndipo chitsime chili pati.

Kwa kanthawi ambuya ankachapa zovala m'nyumba ina ya Azungu. Akuti tsiku loyamba anaima kukhitchini n'kumayang'ana pawindo paipi ya mphira itasiyidwa pakapinga, madzi akungotuluka tsiku lonse kuthirira udzu wosadyedwa ndi mbuzi yomwe. Madzulo anabwerera kukomboni, anatenga ndowa, nakaima pamzere wa mpopi umodzi mpaka mdima. Dona wa nyumbayo ankawayang'ananso zikhadabo asanagwire nsalu zake. "Zala zanga sanazipezepo chifukwa," amatero ambuya monyadira. Ine ndikamva mawu amenewa mtima umandipweteka, pakuti boma lomwe linaika haijini patsogolo pa mzere wa sukulu ndi lomwelo linayala mapaipi mbali imodzi ya mzinda.

Ufulu utabwera chitupa chinatha, ndipo anthu anakhamukira mu Lusaka. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena kuti akonzedwe m'malo mogwetsedwa, ndipo ndi thandizo la World Bank ku George, ku Chawama, ku Chaisa ndi ku Chipata kunalowa misewu ndi mipopi yogawana. Koma mzinda unkakula mothamanga kuposa paipi. Ambuya anasamukasamuka m'nyumba za lendi mpaka m'zaka za m'ma 1990 pamene anapeza kapuloti kuno ku Kabanana. Anakakonza ngati nyumba ya wa Jeanes uja. Thandala linaima kuseri kwa khitchini, dzenje la zinyalala pakona, chivundikiro pachimbudzi, ndipo pakhomo pake anapachika kachigubu ka madzi ndi chitini cha phulusa. Omanga asanakumbe chimbudzicho, iwo anaponda masitepe awo kuchokera pachitsime chimene ankatungapo ndi anansi, ndipo anawakwanitsa 30, chifukwa nthawi imeneyo mapuloti oyandikana anali chimanga chokhachokha.

Kenaka chimanga chinasanduka nyumba. Puloti imodzi inadulidwa pawiri, ina panayi. Eni malo anamanga tizipinda ta lendi m'mbali mwa mipanda, ndipo khomo lililonse linakumba dzenje lake pamene papezeka danga. Palibe anachita zimenezi chifukwa cha uve. Munthu akakhala ndi malo a masitepe 15 m'litali, chimbudzi amachiika pamene chakwana. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa miyala ya laimu ya ming'alu ndi mphako, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera n'kusakanikirana ndi za m'maenje, makamaka ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George. Kwathu kuno zitsime zosazama ndi zomwe zimapulumutsa amayi pamene pamalo ogulitsira madzi pauma kapena ndalama ya chigubu yasowa.

Pa 6 October 2017 boma linalengeza kuti kolera wabuka mu Lusaka, ndipo odwala oyamba anali a dera la Chipata, pakhomo pathu penipeni. Pofika January 2018 bwalo la mpira la National Heroes, lomwe timadutsa popita m'tauni, linali litasanduka chipatala. Masukulu anachedwa kutsegula, asilikali anatsika m'misewu kuchotsa ogulitsa malonda ndi zinyalala, ndipo zitsime zosazama zinkakwiriridwa. Pofika May 2018 anthu 5,905 anali atadwala m'dziko muno, 5,414 mwa iwo a mu Lusaka, ndipo mumzinda muno mokha munamwalira anthu 98.

M'masiku amenewo ndinawapeza ambuya m'mawa wina ataima pachitsime ndi ndodo yawo. Sanandilonjere. Anayamba kuyenda molunjika chimbudzi cha nyumba zalendi zoyandikana nafe, akutambasula miyendo yawo yokalamba kuti sitepe ikwane yadi, milomo ikuwerenga. Anaima atagunda chipupa chake.

"Mwapeza angati, ambuya?"

"Asanu ndi anayi." Anakhala chete kanthawi, dzanja lili pachipupa. "Ine ndinapatsidwa sopo chifukwa cha 30. Pano 30 ndikamupeza kuti, mdzukulu wanga?"

Sabata yomweyo kunabwera mtsikana wa zaumoyo woyenda khomo ndi khomo, atavala chovala chowala pamwamba pa malaya, mapepala a zithunzi m'manja. Anagwada mwaulemu n'kuyamba kufotokoza za kusamba m'manja pochoka kuchimbudzi, kuvundikira chakudya, kuwiritsa madzi. Ambuya anamulola kuti atsirize, kenaka anamubwerezera zonse, n'kuwonjezerapo za ntchentche ndi za beseni limodzi. Mtsikanayo anaseka modabwa. "Ambuya, ndiye mukudziwa kale zonse!" Iwo anamugwira dzanja, analitembenuza, anaona zikhadabo, nakhutira. "Mwanangu, zimenezi ndinaziphunzira amayi ako asanabadwe. Wachita bwino kubwera. Koma ukabwerera kwa amene akutuma, ukawauze kuti nkhalamba ya ku Kabanana ikufunsa madzi." Mtsikanayo anasiya kabotolo ka klorini, ndipo ambuya anakagwiritsa ntchito mpaka dontho lotsiriza, akuyeza ndi kachivundikiro kake monga analangizidwira.

Ndikamva pa wailesi akuluakulu akunena kuti anthu a m'makomboni asinthe khalidwe, ndimakumbukira buku lija limene linakwiyitsa amayi awo a ambuya. Zaka 70 zapita, koma chala chikulozabe mbali yomweyo. Kusamba m'manja kumapulumutsadi moyo, ndipo ndikufuna mwana aliyense wa ku Kabanana aziphunzira zimenezi kusukulu mwamphamvu monga anaphunzirira ambuya, kungochotsapo manyazi a pamzere. Koma mayi amene wagula chigubu chimodzi cha malita 20 kuti aphikire, amwetse ndi kusambitsa ana asanu sakusowa phunziro. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chala cha maphunziro takhala nacho kuyambira masiku a njinga ya wa Jeanes. Chinzake, cha mipopi yosauma, ngalande zoyenda ndi zimbudzi zomangidwa bwino zomwe zimapopedwa zikadzaza, ndi chimene makomboni athu akuchidikirabe.

Kolera anabweranso kumapeto kwa 2023, woopsa kuposa woyamba uja. Anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno, bwalo la Heroes linadzazanso mabedi, ndipo masukulu amene ankayenera kutsegula mu January 2024 anatsegula mu February. Zitsime zomwe zinakwiriridwa mu 2018 zinali zitakumbidwanso kalekale, pakuti ludzu silidikira. Ana ankangozungulira m'makomo, ndipo ambuya, omwe tsopano maso awo achita chifunga, anatuma mwana wanga wamkazi kuti akaitane anzake a mumsewu wathu. Anabwera 11. Anawandandika pabwalo, a nyumba za kumtunda uku, a kumunsi uku, manja patsogolo. Atatha kuyendera zikhadabo ndi zala zawo zonjenjemera, anakhala pampando n'kuika mtanda wa sopo pamwendo. Mafunso anayamba. Udzudzu umaswana pati? Ntchentche imanyamula chiyani? Wolakwa ankakhala pansi, ndipo amayi a nyumba zalendi anatuluka kudzaonerera, ena akunong'oneza ana awo mayankho.

Anatsala mwana wanga, yemwe nkhani ya mayadi waimva kuyambira ali kumsana. Funso lotsiriza linali lomwe lija, ndipo anayankha mosajejema. "Tionetse," anatero ambuya. Mwanayo anaima pachitsime n'kuyamba kuponda, anzake akumuwerengera mokweza. Anadutsa pampata wa mpanda, analowa pabwalo la anansi, anazemba chingwe cha zovala, anatulukira pabwalo lachitatu. Mawu a ana ankamveka chapatali: 28, 29, 30. Anabwerera akuthamanga, wefuwefu.

"Wadutsa zimbudzi zingati panjira?"

"Zinayi, ambuya."

Ambuya anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamukoka pafupi, namuuza motsitsa mawu kuti yankho wakhoza, koma funsolo asalisiye pabwalo pano. Akakula akalifunse iye mwini kwa amene amagawa mapuloti ndi amene amayala mapaipi, ndipo asakakhale pansi mpaka atamuyankha. Kenaka anaitanitsa ulusi. Anauluma mbali imodzi ndi mano awo otsala, nazunguliza sopo uja, n'kuyamba kudula, gawo limodzi la khomo lililonse.